Ana athu kuno ku Joni ndi kalasi ya katekisimu: musalipire munthu wapakati

Abale anga a ku Mangochi amene muli kuno, kaya ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, mwana wanu akakwana zaka 7 funso limabwera lokha: Ukaristia woyamba adzalandira kuti? Kulembetsa sikuvuta. Pitani ku parishi imene mumapemphera kumayambiriro kwa chaka, chifukwa makalasi amatsata chaka cha sukulu, mutenge kalata ya ubatizo ya mwanayo. Basi.

Kalata ya ubatizoyo ndi imene inandigwetsa ine.

Mwana wanga wamkazi anabatizidwa kumudzi tisanabwere kuno, ndipo kadi lake linaonongeka ndi mvula m'nyumba ya agogo ake. Wina anandilozera bambo wina wakwathu konko amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Mangochi. Munthu wolankhula bwino, kolona m'khosi. Anati, "Achimwene, abambo mfumu a kumeneko ndi anzanga, milungu iwiri kalata ili m'manja mwanu." Ndinapereka R1,200. Milungu iwiri inasanduka miyezi itatu. Lero akuti galimoto yafa ku Tete, mawa akuti akatekisiti apita kumaliro, mkuja foni osayankha. Kenako anafuna R400 ina, ati ya chidindo. Ndinapereka, uchitsiru wanga.

Kalata inabweradi, yoyera bwino, chidindo chofiira. Mayi wa mu ofesi ya parishi kuno anaiyang'ana nthawi yaitali, nati ayamba afunsa kumene yachokera. Patapita masiku anandiitana. Nambala ya pa kalatapo m'buku la ubatizo kumudzi inali ya munthu wina, ndipo wansembe amene ankati wasainayo sanakhaleko pa parishi imeneyo. Ndinaima pamaso pa wansembe ngati mbava, mwana ali pambali panga akumva zonse. Kalasi inali itapita patali, anadikira chaka china. Bambo uja mpaka lero ndimamuona pa Park Station akukweza matumba, ndipo amandipatsa moni.

Chimene chimandiwawa n'chakuti njira yoona inali yapafupi. Buku la ubatizo limakhala pa parishi imene mwana anabatizidwa, silisamuka. Mlongo wanga anapita yekha ndi dzina la mwana, maina athu makolo ndi chaka cha ubatizo, kalata inatuluka sabata yomweyo. Tumani m'bale wanu weniweni, kapena pemphani ofesi ya parishi ya kuno ilembere ya kumudzi. Wina aliyense wotchula mtengo wa kalata ya mpingo, mthaweni. A CCAP ndi a Anglican nanunso, kalata yosamukira itengeni kwa abusa anu, osati kwa dalaivala.

Koma manyazi enieni anabwera pambuyo. Chaka chodikiracho ndinati ndimuyese mwana kunyumba. Atate Athu m'Chichewa anakakamira pakati, m'Chingerezi amangong'ung'udza. Nditamufunsa chifukwa chake Yesu anafa, anandiyang'ana ngati ndamufunsa mtengo wa chambo ku Makawa. Ine ndikuthamangitsa pepala, mwana alibe kanthu m'mutu.

Ife a ku Mangochi sitiyenera kuuzidwa zimenezi. Tinakula ndi anzathu achisilamu amene akaweruka kusukulu amapita ku madrasa tsiku ndi tsiku, ndipo kuno ku Mayfair ndi Fordsburg sanasiye. Mwana wawo wa zaka 8 amadziwa chimene amakhulupirira. Ife timangoti a Tilitonse, aphunzitsi a katekisimu wa ana, aphunzitsa, ola limodzi Lamulungu, ndiye pamene sitinagwire ovataimu.

Yambani ndi zochepa: Dzina la Atate, Atate Athu, Tikuoneni Maria, malamulo khumi, masakramenti asanu ndi awiri. Osangoloweza ngati nyimbo ya mpira, mufunseni tanthauzo la mzere uliwonse, ayankhe m'mawu ake. Kukalasi aphunzira m'Chingerezi, kunyumba bwerezani m'Chichewa, ngakhale m'Chiyao ngati ndi chimene mumalankhula. Buku Loyera, lomwe linatuluka mu 1998, ana amalimva msanga kuposa Buku Lopatulika la 1922 limene Chichewa chake n'cha agogo. Gulani lapepala. La pafoni mwana amayamba ndi Marko n'kuthera pa TikTok.

Chenjerani ndi matchalitchi a m'magalaji amene amabatiza tsiku lomwelo, kugulitsa mafuta ndi madzi, osaphunzitsa kanthu. Achinyamata athu amathamangira kumeneko chifukwa ife sitinawapatse poimira. Kwathu komwe ku Cape Maclear, amishoni a Livingstonia anafika mu 1875, koma munthu woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Ansembe a White Fathers anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 akuphunzitsa ana, n'kuchoka osakolola zooneka. Ndiye mneneri wa ku Hillbrow akuti Loweruka limodzi lakwana?

Musamutumizenso mwana kumudzi pa Khirisimasi kuti akalandire masakramenti mwachidule mwa kunyengerera akatekisiti. Kuno sakramenti la Ulimbitso ana amalandira mochedwa, ali kale ku sekondale, atakonzekera nthawi yaitali, ndipo makolo ambiri zimawatopetsa. Msiyeni amalize. Akalimbitsidwa funsani ngati parishi ya kuno yadziwitsa ya kumudzi kuti alembe m'buku la ubatizo lija, chifukwa tsiku la ukwati wake adzayang'ana momwemo. Kalata yeniyeni ya mwana wanga ndinaijambula pafoni, n'kupanga makope atatu, limodzi lili kwa mlongo wanga.