Mmene ndimazindikirira chithupsa cha m'chiwindi pa zithunzi za MRI

Ndisanatsegule chithunzi chilichonse, ndimayamba ndawerenga kakalata kochokera ku wodi. Kodi wodwalayu thupi likutentha? Akumva kuwawa kumanja, pansi pa nthiti? Anatsekulapo m'mimba mwa kamwazi? Ali ndi shuga? Inunso muziyambira pomwepo, chifukwa chithupsa ndi khansa imene yawola pakati zimatha kufanana zedi pa sikani. Nthawi zambiri wodwala amakhala atapimidwa kale ndi ultrasound, ndipo amabwera ku MRI, sikani yojambula m'kati mwa thupi ndi mphamvu ya maginito, chifukwa kukayikako sikunathe.

Tsegulani T1 ndi T2, mitundu iwiri ya zithunzi za MRI, pambali ndi pambali. Pa T1, pakati pa chithupsa pamaoneka poderapo kuposa chiwindi chozungulira. Pa T2 pamawala, koma kawirikawiri osati kuwala koyera ngati kwa kathumba ka madzi wamba. Mafinya ndi okhuthala, ali ndi zinyalala, ndiye kuwala kwake kumakhala kwa mawangamawanga. Yang'ananinso kunja kwa khoma. Mukaona chiwindi chikuwala pang'ono ngati nkhungu kuzungulira chotupacho, kumeneko ndi kutupa. Timadontho takuda bii m'kati tingakhale mpweya wopangidwa ndi mabakiteriya.

Kenako pitani pa DWI, chithunzi choonetsa mmene madzi akuyendera m'minofu, ndipo apa musathamange. Mafinya amapanikiza madzi kuti asayende momasuka, choncho pakati pa chithupsa pamawala kwambiri pa DWI, koma pa mapu a ADC, oyeza kayendedwe ka madziwo, pamada. Ziwirizi muzione limodzi nthawi zonse. Ndili wongoyamba kumene ndinkakhulupirira DWI yokha, mpaka tsiku lina ndinatchula kathumba ka madzi kuti ndi chithupsa. Amene ankandiphunzitsa anangondilozera pa ADC, pomwe pankawala mbee. Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa funso limodzi: kudako pa ADC kuli pati? Kukakhala pakati, ndimaganizira mafinya. Kukakhala pa khoma pamene pakati pakuwala, ndimaopa khansa, poti pakati pa khansa yowola pamakhala madzimadzi ndipo maselo othithikana ali m'mphepete. Lamuloli limathandiza koma silikhoza nthawi zonse. Chithupsa chimene sichinapse, kapena chimene chalandira kale mankhwala, chikhoza kukusocheretsani.

Zithunzi za pambuyo pobaya gadolinium, mankhwala olowetsa mu mtsempha kuti minofu iwale pa chithunzi, zimamaliza nkhani, bola impso za wodwala zikhale zitayezedwa kaye. Khoma la chithupsa limayamba kuwala msanga ndipo silizima m'zithunzi zotsatira, pamene pakati sipalowa mankhwalawo. Nthawi zina mumaona mphete ziwiri: yam'kati yowala msanga, yakunja yochedwa kuwala. Tizithupsa ting'onoting'ono tounjikana ngati mphesa, tikufuna kuphatikizana, timaloza ku mabakiteriya monga Klebsiella kapena E. coli. Zikatero onani njira za ndulu pa MRCP, mtundu wa MRI woonetsa njirazo, mwina mwala watseka penapake ndipo gwero la vuto ndi limenelo.

Chithupsa cha amiba, choyambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Entamoeba histolytica, chimakonda kukhala chimodzi, chobulungira, mbali yakumanja ya chiwindi kufupi ndi m'mphepete. Komabe musalembe motsimikiza kuti ndi amiba chifukwa cha maonekedwe okha. Zimenezo amatsimikiza ndi magazi kapena mafinya opopa ndi singano. Kwa wodwala wa chitetezo chotsika, timadontho tambirimbiri m'chiwindi ndi m'kapamba tikukumbutseni TB kapena mafangasi. Ndipo popeza kwathu kuno matenda a hepatitis B, amene amatha kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndi ofala, chiwindi chikaoneka chokwinyika, khansa musayichotse m'maganizo.

Mu lipoti lembani kukula kwa chithupsacho m'masentimita, gawo la chiwindi limene chili, ngati chili ndi timakoma m'kati, ndiponso ngati chayandikira kuphulikira m'mimba kapena m'chifuwa. Cha kumanzere chimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa chili pafupi ndi thumba la mtima. Ndikachiona ndimaimbira dokotala wa wodwalayo nthawi yomweyo, lipoti ndimalemba pambuyo.