Kuyesa webusaiti pa Windows ndi Ubuntu muli ndi kompyuta imodzi yokha

Webusaiti imene ikuoneka bwino pa kompyuta yanu ikhoza kusokonekera pa kompyuta ya munthu wina, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala la browser yokha, limachokeranso ku operating system. Chrome ya pa Windows ndi ya pa Ubuntu zimayendera injini imodzi yojambulira masamba, ya Blink, koma zilembo (ma font) zimene zimapeza m'kompyutamo n'zosiyana. Mukalemba tsamba lanu ndi Segoe UI, imene imabwera ndi Windows, Ubuntu idzaika zilembo zina m'malo mwake, ndipo mawu amene anakwana bwino pa batani akhoza kusefukira. Ife olemba Chichewa tiziyang'anitsitsanso ŵ wa m'dzina la Malaŵi, chifukwa font ikapanda kukhala naye, browser imakabwereka kwina ndipo amaoneka wachilendo pakati pa anzake.

Njira yosawononga ndalama ndiyo virtual machine, kompyuta yongoyerekeza imene imayenda m'kati mwa kompyuta yanu. Yambani ndi kulowa mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kompyuta ikangoyatsidwa, n'kutsegula Intel VT-x kapena AMD-V, zimene zimathandiza kuyendetsa makina ongoyerekeza, kenako ikani VirtualBox ya Oracle, pulogalamu yopangira makinawa, imene ndi yaulere. Tengani fayilo ya ISO (fayilo yoikira operating system) ya Ubuntu, komanso ya Windows 11 Enterprise imene Microsoft imalola kuyesera kwa masiku 90. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB ndi TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo), ndipo VirtualBox inayamba kuyerekeza TPM mu mtundu wa 7.0 umene unatuluka mu 2022. Ngati kompyuta yanu ili ndi RAM ya 8 GB yokha, muziyatsa makina amodzi pa nthawi. Ikaninso Guest Additions, mapulogalamu owonjezera a VirtualBox, m'kati mwa makinawo kuti muzitha kukulitsa ndi kuchepetsa sikirini.

Mukangomaliza kuika zonse, musanatsegule tsamba lililonse, tengani snapshot, imene imasunga makinawo mmene alili kuti muzitha kubwererako. Apa m'pamene ndimalimbikira kwambiri, pakuti phindu lonse la ntchitoyi lagona pa kukhala ndi makina oyera, opanda cache ndi ma cookie (zinthu zimene browser imasunga) kapena zilembo zimene munaikamo nokha. Pa kompyuta yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku mumaunjikana zinthu zimene alendo a webusaiti yanu alibe, ndipo zinthuzo zimabisa zolakwika. Mukatha kuyesa, bwererani ku snapshot ija kuti ulendo wotsatira muyambirenso poyera.

Ambiri amakodwa pofuna kutsegula webusaiti imene ikadali pa kompyuta yawo. M'kati mwa virtual machine, adiresi ya localhost imatanthauza makina ongoyerekezawo, osati kompyuta yanu. Ngati netiweki ili pa NAT, monga VirtualBox imaikira poyamba, lembani 10.0.2.2 m'malo mwa localhost, ndi nambala ya port imene webusaitiyo ikuyenderapo, mwachitsanzo 10.0.2.2:8000.

Posankha ma browser, werengani injini osati mayina. Edge inasamukira ku Blink mu 2020, choncho siisiyana kwambiri ndi Chrome, pamene Firefox ili ndi injini yakeyake, Gecko, ndipo siyenera kudumphidwa. Dzazani fomu iliyonse mpaka kumapeto, makamaka malo osankhira deti, chifukwa browser iliyonse imawajambula mwa njira yake.

Safari ndiyo simungaipeze mwa njira imeneyi. Apple inasiya kutulutsa Safari ya Windows mu 2012, ndipo laisensi ya macOS imalola virtual machine pa kompyuta ya Apple pokha, choncho kuti muone mmene tsamba likuonekera pa Safari mufunika Mac kapena iPhone yeniyeni, ngakhale yobwereka kwa mnzanu.