Kajambulidwe ka Zithunzi Zokongola za Munthu M'chipinda Chaching'ono

Ku Tete, ku Moatize ndi ku Ulongwe achinyamata okhala ndi kamera kapena foni yojambula bwino achuluka, ndipo ofuna chithunzi cha tsiku lobadwa, cha chinkhoswe kapena choonetsa diresi losokedwa kumene sasowa. Chimene chimawononga zithunzi zambiri ndi kuwala. Kwa zaka zambiri mitundu ya mafilimu a Kodak inkayesedwa ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, ndipo ngakhale makamera a lero asintha, wojambula khungu lakuda amafunikabe kudzidziwira yekha zochita. Wongoyamba kumene akaona kuti nkhope yada amathamangira kuwonjezera mphamvu ya nyali, ndiye chipumi ndi mphuno zimang'anima ngati zapakidwa mafuta ophikira pamene masaya akadali mumdima. Mankhwala ake ndi kuwala kochokera pa chinthu chachikulu chimene chili pafupi ndi munthuyo, ndipo zina zonse zimatsatira mfundo imeneyi.

Khungu lakuda limaonetsa kukongola kwake mwa kunyezimira, ndipo kunyezimirako kumatengera kukula kwa chinthu chimene chikuwalitsa. Babu lopanda chotchinga kapena flash (nyali yong'anima) ya pamwamba pa kamera imasiya kadontho kowala kwambiri pachipumi ndi mthunzi wakuthwa pansi pa chibwano, pamene nsalu yoyera yotambalala imene nyali ikuwalira kumbuyo kwake imayala kunyezimira kofatsa kuyambira pachipumi, kutsika ndi tsaya mpaka paphewa. Dzuwa la masana, ngakhale ndi lalikulu, lili kutali moti limachita ngati kababu, ndipo mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, limawonjezera thukuta ndi kutsinzinitsa maso. Choncho ngati mulibe nyali, jambulani pakhonde kapena pafupi ndi chitseko chotsekula, munthuyo ali mumthunzi koma akuyang'ana kumene kukuchokera kuwala. Seydou Keïta wa ku Bamako, amene zithunzi zake zimalemekezedwa padziko lonse, ankajambula zambiri pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa tsiku, atapachika nsalu kumbuyo.

Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali chimakwanira. Tsekani mawindo ndi nsalu yochindikala ndipo zimitsani getsi la kudenga, chifukwa kusakaniza babu lachikasu ndi loyera kumapatsa tsaya lina mtundu wina, ndipo zimenezi n'zovuta kuzikonza pakompyuta. Ngati softbox (bokosi la nyali lokhala ndi nsalu yoyera kutsogolo yofatsitsa kuwala) simungaikwanitse, gulani mababu a LED ofanana olembedwa 5500K (kuwala koyera ngati kwa masana) kapena pafupi ndi pamenepo, muwamange pamodzi pathabwa, kenako mupachike nsalu yoyera yopyapyala theka la mita patsogolo pake kuti kuwala kudzaze nsalu yonse. Nsaluyo ikhale pa mtunda wa mita 1 kuchokera pankhope, chakumbali pa madigiri 45, ndiponso pamwamba pang'ono pa maso, yoweramira pansi. Mtunda umenewu musaupeputse, pakuti mukatalikitsa nyali kuchoka pa mita 1 kufika pa mamita 2, kuwala kofika pankhope kumatsala gawo limodzi mwa magawo 4, komanso kumasiya kufatsa.

Tsopano yang'anitsitsani mthunzi wa mphuno, chifukwa ndi umene umakuuzani ngati nyali ili pamalo ake. Ukakhala waufupi, wogwera chammbali pang'ono pansi pa mphuno, umakomera nkhope zambiri. Mukasunthira nyali chakumbali mpaka mthunziwo utakumana ndi wa tsaya, pansi pa diso la kumdimako pamatsala kachigawo kowala ka ngodya zitatu, kaunikidwe kamene kamatchedwa ndi dzina la Rembrandt, katswiri wopenta wa ku Netherlands, ndipo kamapatsa nkhope ulemerero. Koma kwa mtsikana amene wadzola ndi kukonza nsidze, ine ndimakonda kuika nyali kutsogolo kwenikweni, pamwamba pa kamera, n'kumupatsa chobwezera kuwala kuti achigwire pamiyendo kapena pachifuwa, kunja kwa chithunzi. Apa mdima wa pansi pa maso umachepa, milomo imaoneka bwino, ndipo m'diso lililonse mumaoneka kadontho kowala kamene kamachititsa munthu kuoneka wamoyo. Chobwezera kuwala sichifuna ndalama, katoni yomatidwa pepala loyera imagwira ntchito. Pepala la aluminiyamu limabweza kuwala kwamphamvu kuposa loyera, koma muyambe mwalikwinya kenako n'kulitambasula, apo ayi limathobwa m'maso.

Munthuyo aime mita imodzi ndi theka kapena mamita 2 kuchokera pakhoma kuti mthunzi wake ugwere pansi. Kumbuyo kukakhala kwakuda, tsitsi limasowa mumdima, ndiye mufunika kanyali kachiwiri kumbuyo kwake chakumbali, kamwamba, kongowalitsa m'mphepete mwa tsitsi ndi phewa popanda kuwalira mu lenzi. Nsalu ya kapulana (chitenje) imakongola kumbuyo, koma ngati chovala chili ndi maluwa ambiri sankhani nsalu ya mtundu umodzi, pokhapokha ngati mwatsimikiza kuti mitundu iwiriyo ikugwirizana.

Pakamera, yambani ndi ISO 400 (mmene kamera imamvera kuwala), f/4 (kukula kwa bowo la lenzi) ndi liwiro la 1/100 ya sekondi (nthawi imene kuwala kumalowa mu kamera) ngati mukugwiritsa ntchito mababu, kenako musinthe malinga ndi zimene mukuona. Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, amayenda pa 50 Hz (kusinthasintha ka 50 pa sekondi), choncho mababu ena otchipa amaphethira mosaoneka ndi maso ndipo amasiya mizere pachithunzi, koma 1/100 kapena 1/50 imachepetsa vutoli. Ndi flash, ISO 100 ndi f/8 zimakwanira, bola liwiro lisapitirire 1/200 pa makamera ambiri. Lenzi ya 50mm kapena 85mm ndi yabwino, ndipo pafoni sankhani 2x (kukulitsa kawiri) n'kubwerera m'mbuyo, chifukwa kuyandikira kwambiri kumakulitsa mphuno. Lozetsani kamera padiso limene lili pafupi ndi inu.

Kaimidwe ka munthu ndi kumene kumafuna kuleza mtima, popeza anthu ambiri anazolowera chithunzi cha chiphaso, choima njo, mapewa ali chiwongokere ndiponso mpweya ataugwira. Mutembenuzeni thupi pang'ono kuti phewa limodzi liyandikire kamera, kulemera kwa thupi kukhale pa mwendo wakumbuyo, bondo lakutsogolo lipinde pang'ono, kenako nkhope ibwerere kumene kuli nyali. Pakati pa mkono ndi chiuno pazikhala kampata, chifukwa mkono wopanikizidwa pathupi umaoneka wonenepa kuposa mmene ulili. Chibwano achikankhire kutsogolo pang'ono n'kuchitsitsa, zimene kwa iye zimamveka zachilendo koma pachithunzi zimatalikitsa khosi ndi kuonetsa nsagwada. Manja ndi amene amasowa pokhala, ndiye apatseni chochita, monga kugwira ndolo, kukonza duku kapena kukhudza mkanda, zala zili zomasuka ndipo kamera ikuona m'mbali mwa dzanja. Ngati wakhala pampando, akhale kutsogolo kwa mpandowo, msana uli wowongoka. Podula chithunzi musadule pachigongono, pabondo kapena pamfundo za zala.

Zonsezi muzizinena ndi pakamwa kapena kuzionetsa ndi thupi lanu, osamugwira. Mawu ngati akuti, "Achemwali, tatsitsani phewa lamanzere pang'ono, eya, pomwepo, tsopano yang'anani kuwindoku," amamasula munthu kuposa kukhala chete kuseri kwa kamera. Musamuuze kuti walakwitsa, ingomupatsani kaimidwe kena, ndipo mukapeza chithunzi chabwino muonetseni pomwepo, pakuti akadziona kuti wakongola mantha amatha. Ndimaikira mtima kwambiri pa nkhani ya ulemu, chifukwa chithunzi chimodzi choikidwa pa Facebook mwini wake asanalole chingathe kusokoneza banja kapena chitomero. Gwirizanani zovala, mtengo ndi kumene zithunzizo zidzaonekere tsiku lisanafike, makamaka polemba, mulole kuti abwere ndi mnzake kapena mbale wake, ndipo mwana wosakwana zaka 18 musamujambule popanda kholo lake, komanso musamuimike kaimidwe ka akuluakulu.

Kumadera otsika a m'mphepete mwa Zambezi konzani nthawi ya m'mawa, mukhale ndi fani, madzi akumwa ndi kansalu koyera kothothera thukuta mosapukuta, kuti zodzola zisafufutike. Ku Angónia, kumene kuli Ulongwe, vuto la mu Juni ndi Julayi ndi kuzizira, ndipo wovala diresi lopanda manja amafunika chofunda pakati pa zithunzi.

Pokonza pakompyuta chotsani chiphuphu chimene chingathe chokha pakapita sabata, koma chipsera, mpata wa mano kapena mphini muzisiye pokhapokha mwini wake atapempha. Musayeretse khungu, ndipo musalisalaze mpaka timabowo take kusowa. Ngati mwawalitsa chithunzi, yerekezani mtundu wa nkhope ndi wa khosi ndi manja kuti zikhale za munthu mmodzi. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati fayilo osati ngati chithunzi wamba, chifukwa njira yawambayo imachepetsa chithunzi ndipo chikakasindikizidwa chachikulu chimatuluka chosaoneka bwino.