Momwe mungapezere poyambira ndi pothera class mu Emacs

Mu Emacs, pulogalamu yolembera code, fayilo ya Python ikatalika, maso amatopa kufunafuna pamene class yayambira ndi pamene yathera. Ambirife timathamangira ku regex, njira yosakira mawu potsata ndondomeko ya zilembo: kusaka mzere woyamba ndi mawu akuti class, kenako kutsika mpaka mzere womwe wabwerera kumphepete. Njirayi imayenda bwino mpaka tsiku lomwe idzakuchititseni manyazi. Ine inandidulira class pakati, chifukwa m'kati mwake munali string yaitali yokhala ndi mzere woyambira kumphepete, regex n'kuganiza kuti class yathera pomwepo. Regex imangoona zilembo. Amene amadziwa kapangidwe ka code ndi parser, pulogalamu yowerenga code n'kuigawa m'zigawo zake, ndiye ntchitoyi mupatseni iyeyo.

Emacs 29.1, yomwe inatuluka mu Julaye 2023, inabwera ndi njira yolankhulana ndi tree-sitter, parser yomwe imasandutsa code yanu kukhala mtengo wa nthambi. Class iliyonse ndi nthambi yodziwa poyambira ndi pothera pake.

Choyamba, onani ngati Emacs yanu ili nayo. Dinani M-: (M ndi batani la Alt) mulembe `(treesit-available-p)`. Ikayankha t, pitirizani. Ikayankha nil, ndiye kuti Emacs yanuyo inamangidwa yopanda tree-sitter, pezani ina.

Chachiwiri, ikani galamala ya Python ndi M-x treesit-install-language-grammar. Pamafunika Git, compiler ya C ndi intaneti. Kenako tsegulani fayilo yanu, mulembe M-x python-ts-mode. Musaiwale zimenezi, chifukwa python-mode wamba sayatsa parser ija.

Tsopano ntchito yeniyeni. Ikani izi mu init.el, fayilo yomwe Emacs imawerenga ikamayamba:

```
(defun pezani-class ()
  (interactive)
  (let ((n (treesit-parent-until
            (treesit-node-at (point))
            (lambda (x)
              (equal (treesit-node-type x) "class_definition")))))
    (if n
        (narrow-to-region (treesit-node-start n)
                          (treesit-node-end n))
      (message "Simuli m'kati mwa class"))))
```

Chikuchitika apa n'chosavuta. `treesit-node-at` ikugwira kanthambi kakang'ono pomwe pali cursor. `treesit-parent-until` ikukwera kuchokera pamenepo, kholo ndi kholo, mpaka itapeza nthambi yotchedwa class_definition. Ikaipeza, `treesit-node-start` ndi `treesit-node-end` zikupatsani manambala awiri, malire a class yanu. Ine ndawapereka kwa narrow-to-region kuti pa sikirini patsale class yokhayo. C-x n w imabweza fayilo yonse. Manambala omwewo mutha kukoperera nawo class, kuifufuta kapena kuisamutsira ku fayilo ina.

Pali misampha iwiri, ndipo woyambawu ndi umene umagwira anthu ambiri. Ngati pamwamba pa class pali decorator, mzere woyamba ndi chizindikiro cha @, monga @dataclass, iyoyo siili m'kati mwa class_definition. Galamala ya Python imakulunga zonse ziwiri mu nthambi ina yotchedwa decorated_definition. Mukasamutsa class osaganizira izi, @dataclass itsala yokha kumbuyo, n'kukakamira class kapena function yomwe ili pansi pake, ndipo vutolo mudzalizindikira mochedwa. Choncho mukapeza n, nthambi ya class ya mu code ija, funsaninso `treesit-node-parent` yake. Ngati kholo lake ndi decorated_definition, tengani malire a khololo.

Wachiwiri ndi class yokhala m'kati mwa inzake, monga Meta ya mu Django, chida cha Python chopangira mawebusayiti. Function yathuyi imaima pa class yapafupi. Mukafuna yakunja, yambiraninso kukwera kuchokera pa n.

Ku Java ganizo ndi lomweli, kungoti nthambiyo imatchedwa class_declaration ndipo mode yake ndi java-ts-mode. Dzina la nthambi musalilote: yatsani M-x treesit-explore-mode, mtengo wonse uoneka pambali, dzinalo muliwerenge nokha.

Nanga ngati Emacs yanu ndi yakale? Ilembereni kascript koitana module ya Python yotchedwa ast, yomwenso imasandutsa code kukhala mtengo. Kuyambira Python 3.8 ya mu 2019, ClassDef iliyonse, yomwe ndi nthambi ya class, ili ndi lineno komanso end_lineno, manambala a mzere woyamba ndi womaliza. Kusiyana kwake n'kwakuti ast imakana fayilo yomwe ili ndi cholakwika cha syntax, pomwe tree-sitter imapitirizabe ngakhale code muli pakati poilemba.