Mmene mungawerengere buku la 1984 ndi achinyamata a pakhomo panu

Ndinapuma uphunzitsi, ndimakhala ku Chilomoni. Loweruka madzulo adzukulu anga ndi anzawo amasonkhana pakhonde panga, ndipo miyezi yapitayi takhala tikuwerenga 1984, buku lomwe George Orwell adalitulutsa mu 1949. Ngati nanu mukufuna kuyesa, nazi zomwe zandithandiza.

Buku limodzi ndi lokwanira. Funsani ku laibulale kapena kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni. Mmodzi awerenge mokweza masamba ochepa, wina afotokoze m'Chichewa zomwe wamva.

M'bukuli, Big Brother ndi mtsogoleri wa chipani chomwe chimalamulira chilichonse m'dziko. Ana amathamangira kufunsa kuti, "Agogo, Big Brother ameneyu ndi ndani kuno kwathu?" Musawayankhe msanga. Mukangotchula dzina la wandale, mkangano wa zipani wayamba, buku laiwalika. Muwalozere zinthu zing'onozing'ono, chifukwa ufulu sachita kuulanda tsiku limodzi, amauthyola pang'onopang'ono.

Yambani ndi ntchito ya Winston Smith, mwini nkhani m'bukuli. Iye sanyamula mfuti. Amakhala mu ofesi n'kumasintha nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zomwe chipani chikunena lero, ndipo munthu wochotsedwa amafufutidwa ngati sanabadwe n'komwe. Afunseni anawo kuti akadziwa bwanji zoona ngati zolembedwa zonse zasinthidwa. Kenako muwaonetse chinenero chomwe chipanicho chikupanga, chochepetsa mawu chaka ndi chaka kuti munthu asowe ndi mawu omwe oganizira zotsutsa.

Pomwe ndimakhalitsa ndi pa Parsons, bambo wokonda chipani ndi mtima wonse, yemwe mwana wake wamkazi adamuneneza kuti adanyoza mtsogoleri ali m'tulo. Apa tsekani buku. Itanani munthu wachikulire amene anaona ulamuliro wa chipani chimodzi afotokoze yekha. Ine ndimawauza za mayi anga, omwe anabwezedwa pachipata cha msika ndi dengu lawo kumutu chifukwa anaiwala khadi la chipani kunyumba. Ndimawauza mmene tinkatsitsira mawu m'nyumba mwathu momwe, poti sitinkadziwa kuti khutu la boma ndi liti pakati pa anansi. Ndimawauzanso za lamulo la mu 1968 lomwe linapereka mphamvu zoletsa mabuku, ndi za mlakatuli Jack Mapanje, yemwe anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Mdzukulu wanga wamkazi atamva izi anakhala chete, kenako anati, "Agogo, ndiye inu simunkanena kanthu?" Ndinamuyankha zoona, kuti ndinkaopa. Nanunso mukafunsidwa, musadzikometsere.

Za makina omwe chipani cha m'bukuli chimaonera anthu m'nyumba zawo simufunika kuvutika nazo. Ana a mafoni amazimva kuposa ife.

Mathero a bukuli ndi owawa: Winston amazunzidwa mpaka kumupereka Julia, mkazi yemwe ankamukonda, ndipo potsiriza amamukondadi Big Brother. Musawafewetse. Asiyeni anawo akwiye, akangane, apite kwawo mtima uli m'mwamba. Loweruka lotsatira ndiye muwafotokozere za kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma, yomwe inawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992, ndi za pa 14 Juni 1993, pomwe tinaima pamzere kusankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Tsiku limenelo muitanenso wachikulire uja, ndipo ngati khadi lakale lija akadali nalo, abwere nalo anawo aligwire ndi manja awo.