Mmene mungapezere wavelength ndi period pogwiritsa ntchito nambala ya pa wailesi

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 4 ndipo sabata yatha anabwera ndi kope la Physics nkhope itagwa, akuti wavelength, frequency ndi period zikumuzunguza mutu. Ine ndinangomutuma kuti akatenge kawailesi kakale ka agogo ake, chifukwa manambala onse ofunika analembedwa kale pagalasi pake, ukadziwa imodzi zina ziwirizo umazipeza wekha.

Poyamba mvetsani kaye mawuwo. Mukakhala pamchenga ku Senga Bay kumaonerera mafunde, mtunda wochoka pamsonga pa funde limodzi kufika pamsonga pa linzake ndiye wavelength, timayeza m'mamita. Kuchuluka kwa mafunde amene amenya mwala womwewo pa sekondi imodzi ndi frequency, timayeza mu hertz (mwachidule Hz), dzina la Heinrich Hertz wa ku Germany yemwe mu 1887 anaonetsa kuti mafunde a wailesiwa alipodi. Period ndi kanthawi kamene funde limodzi limatenga kuti lidutse. Mafunde a wailesi, a foni, a WiFi ngakhalenso kuwala kwa dzuwa ndi apachibale, safuna madzi ngati a kunyanja aja ndipo mumlengalenga onse amathamanga mofanana, pafupifupi mamita 300,000,000 pa sekondi. Nambala imeneyi ilowezeni basi.

Tsopano sankhani siteshoni. Tiyerekeze ili pa 100 FM, ndiye kuti 100 MHz. Apa ndi pamene ana ambiri amagwera m'dzenje, amangolemba 100 kuiwala kuti M uja ndi mega, kutanthauza miliyoni. Choncho lembani 100,000,000 Hz, werengani maziro kawiri, akhale asanu ndi atatu.

Kenako gawani liwiro lija ndi frequency: 300,000,000 ÷ 100,000,000 = 3. Wavelength yake ndi mamita 3, kapena tinene masitepe atatu akuluakulu a munthu wamtali. Njira yachidule ngati nambala ili kale mu MHz, ingogawani 300 ndi nambalayo, kulibe zolimbana ndi maziro. FM yonse imayambira 87.5 kulekeza 108 MHz, ndiye mafunde ake amasewera pakati pa mamita 3.4 ndi 2.8. Mwaona? Frequency ikamakwera wavelength imafupika, poti kuchulukitsa ziwirizi kumayenera kubweretsa liwiro lomwe lija nthawi zonse.

Period ndiye yosavuta, gawani 1 ndi frequency. 1 ÷ 100,000,000 = 0.00000001 ya sekondi, kapena kuti 10 nanoseconds. Kuti mutsimikize kuti simunaphonye, chulukitsani liwiro ndi period, 300,000,000 × 0.00000001, iyenera kubwera 3 yemwe uja. Ikabwera 30 kapena 0.3 dziwani kuti ziro wina wathawa penapake. Ngati timanambala tating'onoti tikukusokonezani yeserani magetsi a ESCOM, amene ndi 50 Hz, period yake ndi 1 ÷ 50 = 0.02 ya sekondi.

Chimene chinamusangalatsa mnyamata uja ndi mzere wa SW (short wave) pakawailesi kaja, pomwe panalembedwa 49m ndi 31m. Akuluakulu ankati "ndaigwira pa 49 mita bandi" osadziwa kuti akutchula wavelength. Yesani, 300 ÷ 6 MHz = 50, ndipo mukayang'ana pagalasipo 49m ili pafupi ndi 6 MHz ndithu. WiFi ya 2.4 GHz ndi 2,400 MHz, 300 ÷ 2,400 = 0.125, masentimita 12.5 okha, n'chifukwa chake tieliyo ta rauta ndi tatifupi.

Pomaliza tiyeni tigwiritse ntchito wavelength popanga eliyo, makamaka kwa inu amene wailesi imangochita phokoso la shwee kumudzi. Eliyo ya mawaya awiri imakoka bwino waya aliyense akakhala kota ya wavelength. Pa 100 MHz kota ya mamita 3 ndi masentimita 75, koma odziwa amadulako pang'ono kufika cha m'ma 71 chifukwa m'waya funde limayenda mocheperako liwiro. Dulani mawaya awiri a kopa otalika choncho, muwamange pathabwa molunjika wina kuloza uku wina uko, pakati musiye kampata kuti asakhudzane. Tengani kebulo ya eliyo ya TV, waya wapakati mulumikize ku mbali imodzi, ukonde wakunja ku mbali inayo, mapeto enawo apite ku wailesi. Ikwezeni pansungwi kutali ndi malata komanso kutali kwambiri ndi mawaya a magetsi, ndipo kukamachita ziphaliwali izuleni. Muziitembenuza pang'onopang'ono wina ali m'nyumba kumvetsera mpaka akuwe kuti imani pomwepo.