Momwe mungaphunzitsire zokambirana za mayiko kudzera m'sewero: chitsanzo cha ngongole ya Zambia

Wophunzira wa ku yunivesite akhoza kuloweza ntchito za IMF (bungwe loona za ndalama padziko lonse) ndi Paris Club (gulu la mayiko olemera okongoza anzawo ndalama) n'kukhoza mayeso, koma mukamufunsa chifukwa chake Zambia inatha zaka zoposa zitatu isanamvane ndi onse amene anaikongoza ndalama, amangoti "nkhani zake ndi zandale." Zimenezi zimamveka bwino munthu akakhala yekha pampando wokambirana, atagwira pepala lomuletsa kuvomera zimene mnzake akufuna. Masewero oyerekezera oterewa si achilendo: Harold Guetzkow ankawachititsa ku Northwestern University kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Model United Nations, sewero loyerekezera misonkhano ya United Nations, ndi yodziwika m'mayunivesite ambiri. Vuto la masewero ambiri a mtundu wa Model United Nations ndi loti amathera pa masuti ndi malankhulidwe okoma. Palibe amene amaluza kanthu, choncho palibenso amene amakambirana zenizeni. Njira ili m'munsimu yakonzedwa kuti gulu lililonse likhale ndi choluza. Ikufuna kalasi ya anthu pafupifupi 30 ndi masiku atatu a maola awiriawiri.

Choyamba: lembani chikalata cha onse

Chisapitirire masamba awiri, ndipo chikhale ndi zoona zokhazokha. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya Eurobond (ndalama zomwe boma linakongola m'madola kwa amalonda pa misika yakunja), n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulephera kulipira ngongole m'nyengo ya Covid-19. Kumayambiriro kwa 2021 inapempha kuti ngongole yake ikonzedwenso kudzera mu ndondomeko ya G20 (gulu la mayiko a chuma chachikulu) yotchedwa Common Framework. Komiti ya mayiko okongoza inakhazikitsidwa mu Juni 2022, wapampando wake ali China ndi France. Mu Ogasiti 2022 IMF inavomereza pologalamu ya madola pafupifupi 1.3 biliyoni. Ngongole ya kwa mayiko inali madola 6.3 biliyoni, gawo lalikulu la China, pomwe ya Eurobond inali madola 3 biliyoni.

Imani pamenepo. Sewero liyambire kumayambiriro kwa 2023, Zambia isanamvane ndi mayiko okongoza ku Paris mu Juni chaka chomwecho. Zomwe zinatsatira muzisungire tsiku lachitatu. Ena adzazifufuza pa intaneti, inde, koma muona m'munsimu momwe mungawasokonezere.

Chachiwiri: gawani magulu

Boma la Zambia lipatseni anthu 6, China 5, mayiko a Paris Club 4, komiti ya eni Eurobond 5, IMF 4, atolankhani 3, ndi oonerera 3. Gawani pochita mayere. Mukawasiya asankhe okha, olongolola onse adzathamangira ku Zambia ndi China, ndipo anzawo apamtima adzakhala gulu limodzi.

Gulu la Zambia ligawikenso pawiri. Atatu apite pagome: nduna ya zachuma, mlembi wa chuma cha boma ndi mlangizi. Atatu atsale "kumudzi" m'chipinda china: phungu wa chipani chotsutsa, mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito m'boma, ndi mkulu wa banki yayikulu. Atatuwa saloledwa kulowa m'chipinda chokambirana, koma mgwirizano uliwonse uyenera kudutsa mwa iwo, ndipo awiri akaukana, nduna ibwerera pagome. Apa ndi pamene pagona zomwe Robert Putnam anafotokoza mu 1988, zoti nthumwi imakambirana pa magome awiri nthawi imodzi, lakunja ndi lakwawo. China nayo mungaigawe chimodzimodzi: nthumwi za boma zifune kuoneka zothandiza Africa, oimira banki afune ndalama zawo.

Chachitatu: mapepala achinsinsi

Sewero lonse limayenda kapena kufa chifukwa cha mapepala amenewa, choncho ndi amene ayenera kukudyerani nthawi. Gulu lililonse lilandire tsamba limodzi lokhala ndi zinthu zitatu: zomwe likufuna, malire omwe silingadumphe, ndi zomwe lidzaone zokambirana zikalephereka. Aphunzitsi ambiri amalemba ziwiri zoyambazo n'kuiwala chachitatu. Komatu wogula tomato amene sadziwa mtengo wa pa benchi yoyandikana nayo sanganenerere, amangolipira kapena kuchoka. Gulu losadziwa chomwe lidzapeze likanyamuka pagome limavomera chilichonse kapena kukana chilichonse.

Tengani maganizo omwe mbali zimenezi zinali nawodi. China sinkafuna kudula ngongole yeniyeniyo. Inkalolera kutalikitsa zaka ndi kutsitsa chiwongoladzanja, ndipo inkafunsa chifukwa chake World Bank ndi mabanki ena otere sakuluza nawo, komanso chifukwa chake akunja amene anagula ngongole ya boma ya m'makwacha asiyidwa kunja. Eni Eurobond ankalolera kudula gawo lina bola alipidwe msanga, komanso alandire zochulukirapo chuma cha Zambia chikayenda bwino. Mayiko a Paris Club anakakamira lamulo lawo lakale loti wokongoza aliyense aluze mofanana ndi anzake. IMF sinali yokambirana za ngongole yake, koma inali ndi chingwe m'manja: gawo lotsatira la ndalama za pologalamu, madola pafupifupi 188 miliyoni, linkadikira kuti mayiko okongoza agwirizane kaye.

Malire muwalembe m'manambala. Musalembe kuti "musaluze zambiri." Lembani kuti "musavomere kuluza kuposa madola 45 pa madola 100 aliwonse, ndipo musasaine ngati eni Eurobond akuluza zochepera zanu ndi madola oposa 10." Manambala oterewa ndi anu opanga, ndipo auzeni ophunzira kuti ndi a sewero. Musanawapatse, khalani pansi muyese nokha ngati pali mgwirizano umodzi kapena iwiri yokwana m'malire a magulu onse. Mpatawo ukhale wopapatiza. Ukakula, amagwirizana m'mphindi 20. Ukasowa, amatopa pachabe n'kunena kuti mwawapusitsa.

Chachinayi: aphunzitseni masamu amodzi okha

Ophunzira za ndale amaopa manambala, koma popanda masamu awa sewero limasanduka mtsutso wa pa wailesi. Dola yolandira zaka 20 zikubwerazi si yofanana ndi dola ya lero. IMF ndi World Bank akamaunika ngongole za mayiko osauka amachotsera 5 peresenti pa chaka, ndiye madola 100 olipidwa pakatha zaka 20 ndi ofanana ndi madola pafupifupi 38 a lero.

Lembani pabolodi okongoza awiri, aliyense madola 100. Woyamba akukana kudula ngakhale senti, koma akuvomera chiwongoladzanja cha 1 peresenti pa chaka ndi kulandira 100 yakeyo pakatha zaka 20. Mukawerengera, zomwe adzalandire ndi zofanana ndi madola 50 a lero. Wachiwiri akulengeza kuti wakhululuka madola 20, koma pa 80 yotsalayo akufuna 6 peresenti pa chaka ndi kubwezeredwa pakatha zaka 5. Zake zikufika madola 83. Afunseni ophunzira kuti wachifundo ndani. Ambiri adzaloza wachiwiri chifukwa mawu oti "wakhululuka" ndi okoma m'khutu, chonsecho iye waluza 17 pomwe woyamba waluza 50.

Konzani tebulo la Excel lokhala ndi malo atatu olowetsa manambala: gawo lodulidwa, chiwongoladzanja, ndi zaka. Gulu la IMF ndilo lisunge laputopu yovomerezeka, ndipo ganizo lililonse lidutse pamenepo lisanalengezedwe. Sindikizaninso tebulo la mayankho okonzeratu a mitundu 20 kapena 30, chifukwa magetsi sadziwa kuti muli ndi sewero.

Tsiku loyamba lithere pa zimenezi: ola limodzi la chikalata ndi masamu, ola lachiwiri magulu awerenge mapepala awo achinsinsi n'kugawana ntchito. Aliyense akalembe tsamba limodzi lofotokoza chomwe gulu lake lidzayambe kupempha, chomwe lingagonjere, ndi chomwe akuganiza kuti magulu ena akubisa.

Chachisanu: tsiku lokambirana

Pezani chipinda chachikulu chimodzi ndi malo ena awiri kapena atatu, ngakhale pakhonde kapena pansi pa mtengo. Mphindi 10 zoyamba gulu lililonse mwa magulu asanu okambirana lilankhule mphindi ziwiri, wotchi ili poyera. Zikatero amwazikane kwa mphindi 40 kukakumana awiriawiri kapena atatuatatu. Nthawi imeneyi musaifupikitse, chifukwa malonda enieni amachitikira m'makhonde. Pa msonkhano wa onse anthu amangobwereza zomwe ananena kale. Pagome lalikulu alankhule Chingerezi monga zimakhalira kumisonkhano yotere, koma m'makhonde asiyeni alankhule Chichewa kapena chilichonse. Mudzaona ena amene anali chete akutsegula pakamwa.

Akabwerera pamodzi kwa mphindi 20, atolankhani awerenge nkhani za mphindi zitatu kuchokera pa zomwe atola. Aloleni kufalitsa mphekesera ndi zotayikira, bola asapeke. Kenako inu mulowetse chodzidzimutsa chimodzi chomwe munalemba kale mu envulopu: mtengo wa kopa wagwa, kapena kwacha yatsika mphamvu kwambiri, kapena kwagwa chilala ngati chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko mu Febuluwale 2024. Chimenechi ndicho chimagwetsa amene anakopera mgwirizano weniweni pa intaneti, pakuti manambala awo sagwiranso. Chikhale chimodzi basi. Mukaponya zitatu, ophunzira amasiya kukonzekera n'kumangodikira envulopu yotsatira.

Mphindi 30 zotsatira akambiranenso, ndipo 20 zomaliza zikhale zolemba mgwirizano wa tsamba limodzi ndi kukauonetsa kwa otsala kumudzi aja. Nthawi ikatha asanamvane, imitsani sewero. Musawonjezere ngakhale mphindi zisanu.

Zomwe zimasokonekera

Chofala kwambiri ndi chifundo. Wophunzira amene akuimira eni Eurobond amamva chisoni ndi Zambia, makamaka ngati iye ndi wa kuno kwathu, n'kukhululuka theka la ngongole kuti aoneke munthu wabwino. Mankhwala ake ndi kumuikira womufunsa: lembani m'pepala lake kuti ndalama zomwe akuyendetsa ndi za penshoni za anthu ena, ndipo akadumpha malire achotsedwa ntchito pamaso pa kalasi. Mmodzi wa oonerera akhale bwana wake wosaina.

Vuto lina ndi kutayikira kwa mapepala achinsinsi pa WhatsApp usiku wa tsiku loyamba. Apatseni pa pepala, lililonse ndi nambala yake, ndipo muwatolere potuluka. Manambala a malire enieniwo mungawasunge mpaka m'mawa wa tsiku lokambirana.

Yang'anirani amene akugwira cholembera. Mukapanda kulowererapo, atsikana amapatsidwa ulembi pomwe anyamata atenga unduna. Udindo wa mtsogoleri wa gulu ugwerenso pa mayere, ndipo wolankhula pa msonkhano wachiwiri asakhale yemwe analankhula woyamba. Letsani kuyerekezera kalankhulidwe ka anthu a ku China kapena ku France; kumaseketsa kalasi koma kumasandutsa mbali ina kukhala chidole, ndipo palibe amene amamvetseranso mfundo zake.

Mphunzitsi nayenso amawononga. Magulu akakanirirana, mtima umafuna kuwanong'oneza njira. Khalani pakona ndi kope lanu, muzilemba nthawi ndi mawu amene asintha zinthu. Muyankhe mafunso a malamulo a sewero okha. Kalasi ikakhala ya anthu 90 kapena 120, musakulitse magulu. Yendetsani masewero atatu kapena anayi nthawi imodzi ndi mapepala ofanana, ophunzira a digiri yachiwiri akuthandizeni kuyang'anira. Zotsatira zikasiyana, mwapeza kale nkhani ya tsiku lachitatu.

Chachisanu ndi chimodzi: kuunika

Yambani ndi kuwavula maudindo: asinthe mipando, achotse zikwangwani za mayina, chifukwa ena amakhala akadali okwiya. Gulu lililonse linene chomwe linkaganiza kuti anzawo akubisa, kenako liwerenge pepala lake lachinsinsi mokweza. Apa ndi pamene nduna imazindikira kuti inagonja pa chinthu chomwe China inali yokonzeka kupereka yokha. Oonerera anene zomwe anaona, ndi nthawi yake.

Mukatero fotokozani zomwe zinachitikadi. Mu Juni 2023 ku Paris mayiko okongoza anavomera kutalikitsa ngongole ya madola 6.3 biliyoni kupitirira chaka cha 2040, pa chiwongoladzanja choyambira pa 1 peresenti. Mu Okutobala chaka chomwecho boma linamvana ndi eni Eurobond, koma mu Novembala komiti ya mayiko inakana mgwirizanowo ponena kuti eni Eurobond sakuluza mofanana ndi iwo, nkhani yomwe ija ya 50 ndi 83 ya pabolodi. Mgwirizano wina unadzapezeka mu Malichi 2024. Afunseni kuti sewero lawo lasiya chiyani: maloya, alangizi olipidwa monga kampani ya Lazard yomwe inkalangiza Zambia, miyezi yodikira yankho kuchokera ku Beijing, ndi mitengo ya zinthu yomwe inkakwera ku Lusaka nthawi yonseyo.

Malikisi asachokere pa zomwe gulu lapindula, apo ayi muphunzitsa kunama ndi kukakamira. Perekani 30 pa tsamba lokonzekera lija, 20 pa kutenga mbali malinga ndi zolemba za oonerera ndi zanu, ndi 50 pa nkhani ya mawu 800 yomwe aliyense alembe yekha, yofotokoza chiganizo chimodzi chomwe gulu lake linapanga, chifukwa chake, ndi mfundo ya m'maphunziro yomwe ikuchifotokoza.

Chaka chamawa musabwereze mapepala omwewa, chifukwa a chaka chino adzawauza kale ang'ono awo. Sinthani malire ndi envulopu, kapena sinthani dziko: Ghana inasiya kulipira ngongole zambiri zakunja mu Disembala 2022, Ethiopia inalephera kulipira Eurobond yake mu Disembala 2023, ndipo zonse zinadzera mu Common Framework. Nkhani ya Malawi ingafune magulu ena, pakuti okongoza ake akuluakulu a zamalonda ndi Afreximbank ndi Trade and Development Bank, osati eni Eurobond, ndiye pepala lachinsinsi la mabankiwa liyenera kuyambira pa mkangano woti kodi iwo ndi mabanki achitukuko osayenera kuluza, kapena ndi amalonda ngati ena onse.